WA PINYOLO: MBALA KAPENA MBALE?

Sabata yatha ndinalonjeza kuti lero tidzakamba za katumizidwe ka ndalama kumudzi, koma mundikhululukire, nkhani imeneyo iyambe yadikira, pakuti kwandigwera mlandu wina umene sindingathe kuugoneka.

Loweruka lapitali madzulo, ndiri kutsuka mbale panja pa chipinda chathu, kunafika mnyamata wina wa kwathu ku mapiri a Dedza, maso ali psuu. Sanakhale pansi, ngakhale moni womwe sanapereke. Anangoti, "Malume, ndiperekezeni ku tauni. Lero ndikaswa galasi la munthu."

Ine ndinati, "Mphwanga, galasi silithawa, mawa ukalipeza pomwepo. Yamba wakhala apa umwe tiyi, undiuze chimene chakudya."

Nkhani yake ndi iyi. Mwezi wa Juni anagula makina osokera atsopano pa mtengo wa R3,500, kuti pa Disembala akapatse mkazi wake azikasoka mayunifolomu a ana a sukulu. Makinawo anali kugona pansi pa bedi m'bokosi lake lomwe, osasokapo ndi mpango umodzi womwe. Pakati pa Ogasiti inalira foni ya kumudzi kuti mwana wagonekedwa m'chipatala ndi malungo, ndipo pafunika ndalama msanga. M'thumba munalibe kanthu. Paja akulu anati wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko: mnyamatayo anasenza bokosi lija napita nalo ku sitoro ya pinyolo. Kumeneko anampatsa R1,000 pamodzi ndi kapepala konena kuti asanathe masiku 30 abwere ndi R1,290 kudzaombola katundu wake.

Mwana anachira, tithokoze Mulungu. Koma malipiro a kutha kwa Ogasiti anathera m'ngongole zimene matenda aja anasiya kumudzi, ndipo pamene malipiro enawo anatuluka, tsiku la pa kapepala linali litapita kale ndi masabata awiri. Pofika ku sitoro kuja anapeza makina ake ali pa zenera, atawapukuta bwino, atawapachika mtengo wa R2,400.

"Malume," anatero, "chinthu chimodzi chomwechi chikhale bwanji ndi mitengo itatu? Pochilandira akuti R1,000, pochiombola akuti R1,290, pochigulitsa akuti R2,400. Ngati uku si kuba, kuba ndiye kuti?"

Funso limeneli si la iye yekha. Ndikhulupirira kuti m'chipinda chiri chonse muli munthu amene anasiyapo foni, wailesi, jekete kapena mphete ku pinyolo. Inenso ndiri m'gulu lomwelo. Zaka zapitazo ndinasiyako wochi imene malemu bambo anga anagula ku Joni masiku a Wenela, ndipo sindinaionenso mpaka lero. Nchifukwa chake Lolemba titaweruka ndinamperekeza mphwangayo, osati kukaswa galasi iai, koma kukamva mbali ya mwini sitoro, pakuti mlandu saweruza utamva pakamwa pamodzi. Tsono tiyeni tiitenge mitengo itatu ija umodzi umodzi.

MTENGO WOYAMBA: ZIMENE AKUPATSANI

Mwini sitoro, bambo wachikulire ndithu wa magalasi, sanatikalipire. Ndinamfunsa chifukwa chake anapereka R1,000 yokha pa makina a R3,500. Poyankha analoza mashelefu ake, pamene panadzaza mawailesi, madirilo, nsapato ndi mafoni, nati zonsezo ndi ndalama zake zimene ziri kugona. Iye sayang'ana mtengo umene inu munagulira. Ayang'ana mtengo umene munthu wa m'njira angabvomere kupereka ngati inu simubweranso, ndiponso miyezi imene chinthucho chidzakhala pa shelefu chisanapeze mwini. Chinthu chikangotuluka pa khomo la sitoro yaikulu chasanduka kale chakale, ngakhale chikhale m'bokosi. Foni ndiye makamaka: ikatuluka ina yatsopano, ya chaka chatha palibe aifuna pa mtengo wake uja.

Anawerenganso zina: lendi ya nyumba, malipiro a mlonda ndi a kalaliki, magetsi, ndi katundu wakuba. Lamulo la dziko lino la South Africa lochedwa Second-Hand Goods Act, la chaka cha 2009, limlamula kulembetsa nchito yake ku polisi, kulemba m'buku chinthu chiri chonse chimene walandira pamodzi ndi chiphaso cha wobwera nacho, ndi kulola apolisi kuona bukulo. Apolisi akapeza kuti chinthu nchakuba amachitenga, ndipo ndalama zimene iye anapereka zapita.

Ena mwa inu mudzati, nanga mphete ya golide, imene siichita dzimbiri kapena kukalamba, bwanji amaipeputsanso? Apa inu a ku golide muyenera kumva msanga kuposa ena onse. Tembenuzani mphete yanu muone kanambala kali m'katimo. Ngati alemba 375, ndiye kuti pa magawo 1,000 a mpheteyo, 375 okha ndiwo golide, enawo ndi mkuwa ndi zitsulo zina zolimbitsira. Ngati alemba 750 ndiye kuti golide ndi magawo atatu mwa anai. Chotero mphete ya 375 yolemera magalamu 4 iri ndi galamu imodzi ndi theka ya golide weniweni. Pa mtengo umene munagulira panali nchito ya mmisiri, phindu la sitoro, ndi msonkho wa Boma umene kuyambira 2018 uli R15 pa R100 iri yonse. Wa pinyolo zimenezo saziwerenga. Iye angoika mphete pa sikelo. Inu amene mumaphulitsa tani yathunthu ya mwala kuti mutuluke magalamu owerengeka mudziwa bwino kuti wogula salipira mwala, alipira chimene chiri m'mwalamo.

Tsono pa mtengo woyambawu ine sindipezapo kuba. Ndionjezanso kuti ngongole yochepa ndiyo yopepuka kuombola. Akadampatsa mphwanga R2,000, bwenzi pofika tsiku loombola phiri lake liri lalitali kuposa.

MTENGO WACHIWIRI: ZIMENE MULIPIRA POOMBOLA

Apa ndi pamene anthu ambiri saonetsetsa. Ngongole za pinyolo m'dziko lino ziyendera lamulo lochedwa National Credit Act, la chaka cha 2005. Monga mwa malire amene anaikidwa mu 2016, pa ngongole yaifupi, ndiye kuti yosapitirira R8,000 ndi yobweza isanathe miyezi 6, chiongola dzanja sichiyenera kuposa R5 pa R100 iri yonse pa mwezi, ndipo pa ngongole zina zotsatira m'chaka chomwecho sichiyenera kuposa R3. Kumva chomwecho munthu nkuti ndi zopepuka. Komatu lamulo lomwelo lilola wobwereketsa kulipiritsanso ndalama yotsegulira pangano, ndi ina ya mwezi ndi mwezi yofika R60, ndipo pa ziwirizi pakwera msonkho.

Taonani kapepala ka mphwanga. Pa R290 imene anamuonjezera, chiongola dzanja chenicheni chinali R50 yokha. R240 yonseyo inali ya zolipiritsa zinazo. Mwana anali wamng'ono, koma mbereko ndiyo inalemera. Ndipo munthu amene angamapereke ndalama yotereyi mwezi ndi mwezi kuti katundu wake asagulitsidwe, pakutha pa miyezi 4 adzakhala atapereka R1,160, ngongole ikadali R1,000 yomwe ija.

Choipa china ndi ichi, kuti R60 ija siyang'ana nkhope. Wobwereka R5,000 saimva nkomwe. Koma wobwereka R300 yogulira ufa ndi ndiwo, chiongola dzanja chake ndi R15, pamene ya mwezi ija ndi R60, kuchuluka kanai. Ndiye kuti wosauka kwambiri ndiye alipira kwambiri. Zimenezi nzololedwa, inde, koma ine sindingaime pa bwalo ndi kunena kuti nzokoma.

Komabe tinene chilungamo. Yerekezani ndi amashonisa a pa geti, amene kwathu timati akatapila. Ambiri a iwo afuna R30 kapena R50 pa R100 iri yonse pa mwezi, ena akulandani khadi la ku banki ndi chiphaso, chinthu chimene lamulo la 2005 lija liletsa, ndipo mukachedwa akutsatani mpaka ku chipinda. Wa pinyolo sakufunsani kalata ya malipiro, satsata munthu, sadula kanthu pa malipiro anu. Mukalephera, ngongole ithera pa katundu yemweyo. Mutaya makina, koma mugona tulo. Ichi nchifukwa chake sindifuna kuti sitoro zimenezi zitsekedwe. Zikatsekedwa, tsiku lolira foni ya kumudzi tidzathamangira kwa yani?

MTENGO WACHITATU: WA PA ZENERA

Uwu ndiwo unautsa mtima wa mphwanga. Koma ndinamfunsa kuti, "Ukadakhala kuti makinawa si ako, nuwapeza pa zenera ali atsopano chomwechi pa R2,400 pamene kwina ali R3,500, sukadathamangira kudzatiuza kuti watola mwai?" Anaseka pang'ono osafuna. Ndithudi ambiri a ife jekete ndi wailesi zimene timanyadira nazo kumudzi tinazigula pa mazenera omwewa, osafunsa kuti analira nazo ndani. Mtengo wa pa zenera suumiriza munthu. Ukakwera kwambiri katundu angokhala, ndipo mwini sitoro adzautsitsa yekha. Chotero kukweza mtengo pakokha si mlandu. Wogulitsa tomato pa msika achita chimodzimodzi.

Mlandu uli pa funso lina: ndalama yotsala ndi ya yani? Mphwanga anali ndi ngongole ya R1,290, zonse za mwini sitoro ziri momwemo. Makina akagulidwa pa R2,400, patsala R1,110. Kufikira chaka cha 2025 ambiri ankamva lamulo la dziko lino ngati likuti nthawi ya pangano ikatha, wa pinyolo ali ndi ufulu kugulitsa katunduyo ndi kusunga ndalama zonse, koma tsopano zinagamulidwa kuti ndalama yotsala iyenera kubwerera kwa mwini katundu. Poika makinawo pa zenera bambo uja sanaphwanye lamulo, ndipo mphwanga akadaswa galasi, womangidwa akadakhala iye, nchito nkutha, mwina nkumkweza basi ya kumudzi wopanda makina, wopanda kanthu.

Koma lamulo ndi chilungamo si nthawi zonse zidyera mbale imodzi. Si maiko onse ankachita chomwechi. Ku Britain lamulo la 1974 lipatsa munthu miyezi 6 yoombolera katundu wake, ndipo kupatula pa ngongole zazing'ono kwambiri, wa pinyolo ayenera kuyamba wachenjeza mwini asanagulitse, ndipo atagulitsa atengepo zake zokha nabweze zotsala. Kumeneko sitoro za pinyolo sizinafe nazo njala. Ziripo mpaka lero.

Ngakhale makolo a nchito imeneyi anaiona motero. Mu mzinda wa Perugia ku Italy, m'chaka cha 1462, ansembe a chipani cha Fransisko Woyera analimbikitsa kutsegula nyumba yobwereketsa amphawi ndalama pa chikole, kuti awapulumutse kwa akatapila a masiku amenewo. Anthu anakangana zaka zambiri ngati nkoyenera kulipiritsapo kanthu, mpaka mu 1515 Papa Leo X anagamula kuti nkololeka kulandira pang'ono pokwanira kuyendetsera nyumbayo. Ndipo kale kwambiri zisanachitike izi, chilamulo cha Mose, pa Deuteronomo 24, chinaletsa kutenga mphero ya munthu ngati chikole, popeza ndiyo imdyetsa. Makina osokera kwa mai wa kumudzi ndi mphero yomweyo.

Ifenso sitinaphunzire zimenezi ku Joni. Mau akuti pinyolo tinawatola kwa Apwitikizi, amene amati penhor, koma mau akuti chikole ndi athuathu. Kumudzi munthu akasiya mbuzi kapena njinga kwa mnzake chifukwa cha ngongole, pamakhala mboni, ndipo wosungayo akagulitsa mwakachetechete osatuma mau kwa mwini, mlandu umakafika kwa anyakwawa. Aliyense adziwa kuti chikole ndi mboni ya ngongole, si malonda iai.

Mwini sitoro anandiyankha kuti nthawi zina katundu amagulidwa pa mtengo wochepera ngongole, ndipo pamenepo palibe amene ambwezera. Ndi zoona. Koma ndinamkumbutsa kuti tsoka limenelo analitchinga kale pa mtengo woyamba uja, pamene anapereka R1,000 yokha pa chinthu chimene anadziwa kuti chidzagulidwa koposa R2,000. Anadzitchinjiriza polandira, nalipiritsa posunga, ndipo afuna kudyanso pogulitsa. Ziwiri zoyambazo ndimbvomereza. Chachitatucho ndicho ndikana.

Tsono chigamulo changa ndi ichi. Wa pinyolo si mbala, pakuti zonse anazilemba pa kapepala ndipo ife tinasaina ndi dzanja lathu. Komanso si mbale, ndipo munthu asalowe m'sitoro mwake ndi mtima woti akupita kwa malume. Ndi wamalonda, ndipo pangano lake lapendekera kwa iye. 

MMENE ZINATHERA

Mudzafuna kudziwa za makina aja. Tinakambirana nthawi yaitali, ine ndikupepesa, mphwanga ali duu kuyang'ana pansi. Potsiriza bambo uja anati popeza makinawo sanapeze wogula, atilola kuwatenga pa R1,600. Sanali wokakamizidwa kutero, ndipo ndinamthokoza. Mphwanga anali ndi R1,290 yokha. Usiku womwewo anzake asanu a m'chipinda anasonkha yotsalayo, kuti adzawabwezere pa kutha kwa mwezi popanda kuonjezerapo ndi senti yomwe. Lachiwiri bokosi lija linabwerera pansi pa bedi. Ngongole ya R1,000 inamdyera R600 m'masabata asanu ndi awiri okha, koma makina adzakwera basi pa Disembala.

Chimene chinandimvetsa chisoni ndi mau a mmodzi wa anzakewo, amene anati, "Achimwene, mukadatiuza tsiku lomwe foni inalira, bwenzi titasonkha pomwepo." Mphwanga anayankha kuti anachita manyazi. Taonani mtengo wa manyazi: R600.

MALANGIZO ANGA

Safunsa anadya phula. Amene mwapanikizika ndipo palibe njira ina koma pinyolo, gwirani izi.

Choyamba, musanasaine funsani zinthu ziwiri: ndalama yonse yoombolera, ndi tsiku lotsiriza. Tsikulo muliyerekeze ndi tsiku la malipiro anu, ndipo mudzifunse ngati malipirowo alibe kale eni ake.

Chachiwiri, werengani kapepala, kapena mupeze wokuwerengerani. Ena alemba kuti mwagulitsa katunduyo ndipo mudzamgulanso, m'malo molemba kuti mwapinyolitsa. Achita dala chomwecho kuti azembe malire a chiongola dzanja.

Chachitatu, yang'anani pa khoma kapena pa zenera chikalata cha bungwe la Boma loyang'anira ngongole, National Credit Regulator. Wobwereketsa ndalama aliyense ayenera kulembetsa kumeneko. Popanda chikalata, bwererani ndi katundu wanu.

Chachinai, sungani kapepalako monga musunga pasipoti. Mukabwera ndi ndalama nthawi isanathe nimupeza kuti katundu wanu anamgulitsa kale, bwalo lochedwa National Consumer Tribunal lingathe kulamula kuti akulipireni kawiri mtengo wa katunduyo, kuchotsapo ngongole yanu. Popanda kapepala mudzaloza chiani?

Chachisanu, funsani sitoro ziwiri kapena zitatu, ndipo tengani ndalama yokhayo imene mufuna, osati yonse imene akuonetsani. Ngati mumtima mudziwa kuti simudzatha kuombola, musadzinyenge; gulitsani nokha chinthucho kwa mnzanu, mudzapeza zambiri.

Chachisanu ndi chimodzi, musapinyolitse chipangizo chimene chikudyetsani, kapena chinthu chimene ndalama sizingagulenso. Ine wochi ya bambo anga ndikanatha kugula zina khumi kuyambira tsiku lija, koma ija yokha ndiyo ndimaifuna.

Chotsiriza, mukachedwa musabisale. Pitani tsiku lisanakwane mukalankhule ndi mwini sitoro, pakuti munthu amamva pempho katundu akadali m'kati kusiyana ndi atafika kale pa zenera. Ndipo koposa zonse, inu a chipinda chimodzi kapena a mudzi umodzi, yambitsani kathumba kanu ka tsoka, aliyense aziponyamo kangachepe pa tsiku la malipiro, mulembe m'buku, osunga akhale awiri. Eni dziko lino ali ndi masitokofela ao, ife kwathu tidziwa chipereganyu. Mutu umodzi susenza denga.

Amene muli ndi maganizo osiyana ndi anga, kapena amene munaona zina ku pinyolo, lembani kwa a Mkonzi, ndipo makalata anu tidzawayankha pa tsamba lomwe lino. Ngakhale eni sitoro ali ndi ufulu kulemba. Bwalo ndi la onse. Sabata ya mawa, Mulungu akalola, tidzabwerera ku nkhani ija ya kutumiza ndalama kumudzi.

Tsikani bwino, tulukani bwino, ndipo musaiwale kugogoda denga musanayambe nchito.

Ndine mnzanu wa pa khonde.